Dzina la m'pulogalamu linene chomwe lasunga

WOULUTSA: Kalata yoyamba yachokera kwa mnyamata wa ku Cassacatiza, m'boma la Chifunde, pamalire a Mozambique ndi Zambia. Akuti: "Ndikuphunzira Python. Ndinawalembera amalume kapulogalamu kowerengera malonda a m'golosale mwawo, koma lero ndikakatsegula sindikumva zomwe ndinalemba ndekha. Muli x, y, a1 ndi a2 basi. Kodi mutu wanga ndiye wouma?"

KATSWIRI: Mutu wanu uli bwinobwino, achimwene. Avuta ndi mayinawo. Kompyuta ilibe nazo kanthu, mulembe x kapena dzina lalitali, igwira ntchito chimodzimodzi. Dzina mumalembera munthu amene adzawerenge pulogalamuyo mawa, ndipo kawirikawiri munthuyo ndi inu nomwe.

Pamene mulipo mpamalire. Tsidya linalo ndi Chanida, msewu umapitirira mpaka ku Katete, ndipo ogula ena amabwera ndi metical, ena ndi kwacha. Choncho ngakhale dzina loti mtengo silikwanira. Mtengo wake m'ndalama yanji? Lembani mtengo_MZN ndi mtengo_ZMW. Musalembe mtengo_kwacha, chifukwa kwacha zilipo ziwiri, ya Zambia ndi ya Malawi, yomwe chizindikiro chake ndi MWK. Zilembo zitatuzi n'zodziwika dziko lonse, mabanki amagwiritsa ntchito zomwezi. Onaninso izi: mu 2006 Mozambique itachotsa ziro zitatu pa metical, chizindikiro chinasintha kuchoka pa MZM kukhala MZN. Zambia nayo mu 2013 inachita chimodzimodzi, ZMK inasanduka ZMW. Chinthu chikasintha, dzina lake lisinthenso, apo ayi wina adzaphatikiza ndalama yakale ndi yatsopano osazindikira.

N'chimodzimodzi ndi chimanga. Musalembe kuchuluka. Lembani chimanga_kg kapena matumba_a_chimanga, chifukwa 50 wa makilogalamu ndi 50 wa matumba asiyana kutali.

Nkhaniyi si yochepa ayi. Mu 1999 bungwe la NASA linataya chombo chotchedwa Mars Climate Orbiter chitafika kale pafupi ndi Mars. Pulogalamu ya kampani ya Lockheed Martin inkatulutsa manambala m'muyeso wa mapaundi, pomwe ya NASA inkawalandira ngati ali mu newton. Nambala inkadutsa osanena muyeso wake, chombo n'kuphonya njira. M'golosale chotayika ndi phindu la amalume anu, ndipo kwa iwo n'chachikulu ndithu.

Kachigawo kogwira ntchito inayake mukapatse dzina lonena ntchitoyo, monga werengera_phindu kapena sintha_ndalama. Kanthu kamene yankho lake ndi inde kapena ayi kamveke choncho: walipira, zatha. Mukaona kuti dzina likukukanikani kupeza, nthawi zambiri ndiye kuti kachigawoko mwakasenzetsa ntchito ziwiri. Kagaweni.

WOULUTSA: Mayi ena, aphunzitsi a ku Chifunde komweko, akufunsa ziwiri: mayinawo azilemba m'Chichewa, m'Chipwitikizi kapena m'Chingerezi? Nanga bwanji m'mabuku amaona i ndi j?

KATSWIRI: Zikomo mayi. Sankhani chilankhulo chomwe onse okhudza pulogalamuyo amamva, ndipo musachisiye pakati. Chimene ndimakana ine ndi kulemba preco pamwamba, price pakati, mtengo pansi, zonsezo zikunena chinthu chimodzi. Wowerenga amayesa kuti ndi zinthu zitatu. Kwa ana a sukulu, Chichewa chili bwino kwambiri, amamva msanga chomwe akuchita. Amene akufuna kudzagwira ntchito ndi anzake a ku Lusaka kapena ku Johannesburg azolowere Chingerezi. Python 3 imalola zilembo monga ç, ã ndi ŵ, koma zipeweni, chifukwa si kiyibodi iliyonse imene ili nazo pafupi.

Za i ndi j zinafala kwambiri chifukwa cha Fortran, chilankhulo cha pakompyuta chimene IBM inatulutsa mu 1957. Mmenemo dzina loyamba ndi chilembo chilichonse kuyambira I mpaka N linkatengedwa ngati nambala yathunthu, ndipo mayina sankapitirira zilembo 6. Malire amenewo anatha kalekale. Chilembo i chisiyeni chiwerenge m'mizere iwiri kapena itatu yoyandikana, osapitirira pamenepo.

Achimwene a ku Cassacatiza, madzulo ano tsegulani kapulogalamu kaja, musinthe mayina limodzilimodzi, kenako muwawerengere amalume mokweza. Pamene angafunse kuti "chimenecho n'chiyani?", dzinalo mulisinthenso. Mutilembere mmene zayendera.