Impso yopatsidwa imasungidwa pakhomo

Uthenga kwa mabanja a ku Mitundu, Nathenje ndi midzi yozungulira

M'bale wathu akabwerera kuchokera kunja, makamaka ku India komwe Amalawi ambiri amakaikidwa impso ina, timati wachira. Chisangalalocho n'choyenera, koma matenda sanathe. Thupi limadziwa kuti impsoyo ndi ya munthu wina, ndipo asilikali a m'thupi amalimbana nayo monga amachitira ndi tizilombo toyambitsa matenda. Opaleshoni yotere yoyamba kuyenda bwino, yomwe idachitika ku Boston mu 1954, idatheka chifukwa wopereka ndi wolandira anali mapasa ofanana. Kwa ena tonsefe, impso imakhalitsa pokhapokha wodwala azimwa mankhwala ochepetsa ukali wa asilikaliwo, monga tacrolimus, mycophenolate ndi prednisolone, tsiku lililonse, pa nthawi yake, kwa moyo wonse. Madokotala amagwira ntchito yawo maola ochepa, koma ya zaka zotsatirazo ili m'manja mwa apabanja.

Wina anganene kuti, "Munthu wanenepa, akupita kudimba, mankhwala ngachiyaninso?" Yankho ndi lakuti thupi likayamba kukana impso, kawirikawiri silipweteka msanga. Choyamba kusintha ndi zotsatira za magazi, n'chifukwa chake tsiku lokayezetsa silidumphidwa ngakhale munthu akupeza bwino. Pofika pomwe mkodzo wachepa, mapazi ndi nkhope zatupa, thupi latentha, kapena m'munsi mwa mimba momwe adaika impsoyo mukuwawa, zinthu zimakhala zitapita patali ndipo ndi zothamangira kuchipatala tsiku lomwelo. Impso ikafa, wodwala amabwerera pa makina otsuka magazi ku Kamuzu Central Hospital, kawiri kapena katatu pa sabata, maola pafupifupi 4 ulendo uliwonse. Werengerani ndalama ya minibasi kuchokera ku Mitundu, ya wodwala ndi womuperekeza, sabata ndi sabata. Kukatenga mankhwala ena akalewo asanathe n'kotchipa kuposa pamenepo.

Enanso amadandaula kuti mankhwalawa amafooketsa chitetezo cha m'thupi. N'zoona, ndipo ndicho chifukwa chake banja liyenera kukhala tcheru. Madzi akumwa, kaya ndi a pamjigo kaya a pachitsime, aziwiritsidwa kapena kuthiridwa klorini, chifukwa kolera wa mu 2022 ndi 2023 adationetsa zomwe madzi oipa amachita. Wodwala azigona m'neti usiku uliwonse, azidya zakupsa bwino zikadali zotentha, ndipo apewe kanyenya wogonera wa pamsika. Wina m'nyumba akamatsokomola, akayezetse TB msanga. Kutsekula m'mimba kapena kusanza si kodikirira kuti kuche, pakuti thupi likauma impso imavulala, komanso mankhwala sakhazikika m'thupi. Mukafika ku Nathenje Health Centre kapena ku Mitundu Community Hospital, perekani buku la kuchipatala ndipo nenani poyambirira kuti, "Uyu adaikidwa impso." Mawu amenewa ndi ofunika chifukwa mankhwala ena amasokonezana ndi akewo. Mwachitsanzo rifampicin, amene ali m'mankhwala a TB, amachepetsa mphamvu ya tacrolimus, choncho madokotala a impso ayenera kudziwa kuti asinthe mlingo.

Nanga zitsamba? Ambiri amati n'zachilengedwe, makolo athu ankamwa. Komatu chilichonse chomwe chalowa m'magazi chimasefedwa ndi impso, ndipo botolo la mizu logulitsidwa pa tsiku la msika silinena kuti muli chiyani kapena mphamvu yake ndi yotani. Impso ziwiri zamphamvu mwina zingapirire, koma imodzi, kapena ziwiri zofooka, ayi. N'chimodzimodzinso ndi Brufen, diclofenac ndi Indocid omwe timagula pagolosale msana ukawawa pochokera kumunda: amachepetsa magazi opita ku impso. Panado pa mlingo woyenera ndiye amaloledwa kawirikawiri.

Kukhitchini nako kuli ntchito. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere patsiku, womwe ndi pafupifupi kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera zakudya zonse za tsikulo. Amayi ophika achepetse mchere mumphika wa banja lonse, osati kumuphikira wodwala payekha ngati wosalidwa. Amene impso zake zafooka kwambiri angauzidwenso kuchepetsa nthochi, mapeyala, mbatata ndi therere la chidulo, chifukwa muli potaziyamu wambiri yemwe akachuluka m'magazi amasokoneza kagundidwe ka mtima. Lamuloli si la aliyense, ndipo kuchuluka kwa madzi akumwa nakonso kumasiyana pakati pa woikidwa impso ndi wa pa makina, choncho funsani adokotala.

Chotsutsa chachikulu n'chakuti, "Zimenezi n'za olemera, ife ku India sitingakafike." Zoonadi, opeza mwayiwu ndi ochepa. Koma mfundo yomweyi ikutiuza kuti tisamale impso zomwe tidabadwa nazo. Zimene zimaziwononga kwambiri ndi BP ndi shuga, ndipo HIV yosalandirira chithandizo, likodzo lonyalanyazidwa ndi malungo aakulu zimaonjezera. Matenda a impso amayenda mwakachetechete zaka zambiri, ndipo mbali yomwe yawonongeka sibwerera, koma akadziwika msanga amachedwetseka, moti ambiri safika n'komwe pa makina. Kuyezetsa BP pachipatala cha boma n'kwaulere. Ngati muli ndi BP, shuga kapena HIV, kapena mukuona mkodzo wa thovu, wa magazi, kapenanso kutupa mapazi, pemphani kuti akuyezeni mkodzo ndi magazi, ndipo musasiye mankhwala a BP chifukwa choti mutu waleka kupweteka. Alangizi a zaumoyo a m'dera lanu adzakuuzani tsiku la kiliniki ya BP ndi shuga. Pitani, ndipo mutengenso agogo ndi bambo a m'nyumba.