Za Tizilombo Tosambira m'Dontho la Madzi

Munthu akaima m'mphepete mwa nyanja ya Chilwa, m'dziko la mfumu Kuntumanji, aona zinthu zambiri zilikuyenda. Bwato liyenda, koma ndiye msodzi alipalasa. Njedza zigwedezeka, koma ndiyo mphepo izigwedeza. Matemba ndi milamba sizitero ai; ziyenda ndi mphamvu ya m'thupi mwao, ndipo zipita kumene zifuna. Kuyenda kotere ndiko chimodzi cha zizindikiro za moyo.

M'madzi omwewo muli zamoyo zina zosaoneka ndi maso. Munthu woyamba kuziona anali Antonie van Leeuwenhoek, wogulitsa nsalu wa ku Delft, m'dziko la Holland. Iyeyu anadzipangira magalasi okuza zinthu, ndipo m'chaka cha 1676 anaona tizilombo tating'onoting'ono tilikusambira m'dontho la madzi. Tizilomboti titchedwa mabakiteriya. Tambiri sitichita munthu choipa, koma tina tibweretsa nthenda.

Kamodzi ka toipato ndiko kachilombo ka kolera, kamene Filippo Pacini anakaona ku Florence m'chaka cha 1854. Thupi lake nlokhota pang'ono ngati nthochi, ndipo nkochepa kotero kuti tizilombo toposa 10,000 titandanda pamzere tingangokwana inchi imodzi. Kalibe miyendo kapena zipsepse. Kali ndi mchira umodzi wokha, woonda koposa ulusi wa kangaude. Mchirawo sukupiza monga wa nsomba. Uzungulira monga chitsulo chopalasa madzi kumbuyo kwa boti la injini, nukankhira kachilomboko kutsogolo. Kakamva chakudya kalunjika komweko. Munthu akakameza m'madzi, kasambira kufikira kakangamira m'matumbo, nikatulutsa ululu umene utsegula m'mimba. Wodwalayo ataya madzi ambiri, ndipo angathe kufa tsiku lomwelo.

Komatu ulendo wa kachilomboka ngwaufupi. Ngakhale katasambira ola lathunthu osakhota, sikangathe yadi imodzi. Nanga kafika bwanji ku Chisi, ndi ku midzi ya kumtunda? Katengedwa ndi madzi, ndi zakudya, ndi manja a anthu. Nyanja ya Chilwa ilandira mitsinje monga Domasi ndi Likangala, koma palibe mtsinje wotulukamo. Asodzi ambiri agona pa zimbowera, ndizo nyumba zoyandama, kumene madzi akumwa ndi madzi otayamo zonyansa ali amodzimodzi. Kolera inalowa m'Malawi m'chaka cha 1973. Inabukanso pakati pa asodzi a pa Chilwa kumapeto kwa 2015, ndipo m'chaka cha 2016 anthu a m'mbali mwa nyanjayo analandira katemera wakumwa.

Popeza kachilomboka kayenda mtunda wautali ndi thandizo la anthu, anthu omwewo angathe kukatsekera njira. Mwana wanzeru amwa madzi owiritsa kapena othira kolorini, apita kuchimbudzi osati kutchire, nasamba m'manja ndi sopo asanadye. Akaona mbale wake alikutsegula m'mimba ngati madzi otsukira mpunga, amwetsa madzi a mchere ndi shuga, nafulumiza akulu kuti amtengere kuchipatala msanga.

Mafunso

1. Kuyenda kwa bwato kusiyana bwanji ndi kuyenda kwa mlamba?
2. Kachilombo ka kolera kasambira ndi chiyani?
3. Ndani akathandiza kuyenda mtunda wautali?