Chingwe Kapena Mpeni pa Makina Otchetchera Udzu?

Mvula yakhazikika, udzu wakwera, ndipo ambiri mwapachika chikwakwa n'kugula makina otchetchera udzu. Lero tikambe za kumutu kwake.

Tiyambe ndi chingwe cha nayiloni. Pa kapinga wapakhomo, cha mamilimita 1.6 kapena 2.0 n'chokwanira. Udzu wokhwima umafuna 2.4 mpaka 3.0, koma makinawo akhale amphamvu. Chingwe chonenepa pa kainjini kakang'ono chimangokalemetsa, n'kumatentha pachabe. Chozungulira chimapirira m'mbali mwa mpanda ndi pa miyala. Chamakona anayi chimadula msanga koma sichichedwa kuduka chikagunda simenti. Kodi chanu chikungothetheka? Chauma ndi dzuwa chimenecho. Chiviikeni m'madzi tsiku lathunthu, chifewa.

Tsekera, nsenjere ndi bango, apo chingwe musachivutitse. Ikani mpeni wachitsulo wa mano atatu, ndipo makinawo akhale a ndodo yowongoka, okhala ndi zogwirira ziwiri ndi lamba wapaphewa. Yambani mwayendera malowo kuchotsa miyala ndi mabotolo. Mpeni ukachita mng'alu, utayeni, osawotcherera ayi.

Pogula mutu watsopano, nyamulani wakale mukafananize mazinga ake, chifukwa ambiri amamangira kumanzere.

Ndipo abale, waya wa njinga kapena tcheni m'malo mwa chingwe, chonde lekani! Kachidutswa kakathothoka kamabaya mwendo kapena diso. Valani magalasi ndi jombo, ana akhale kutali mamita 15.