Moto unayambira kuseri kwa thabwa

Mnyamata wina wa kuno ku Magomero atabwerako ku Joni anamanga nyumba ya njerwa zootcha, n'kukokeramo magetsi. Babu yolendewera pakati pa balaza sankaifuna. Mtima wake unali pa zimene anaona m'nyumba za mabwana ku Johannesburg, zoti nyale osaiona, kuwala kokha kukutsetsereka pakhoma.

Anakwera minibasi pa Namadzi, n'kukagula ku Limbe chingwe cha timababu ta LED cha mamita 5. Adaputa yake anati yadula, choncho anatenga yakale ya dikoda poti zonse ndi za ma volt 12. Anakhoma thabwa m'munsi mwa siling'i, n'kumata chingwecho kuseri kwake. Mawaya ochokera pa soketi anangowapota ndi zala, n'kukulungapo kapepala ka jumbo. Adaputa ndi mfundo zonse anazikankhira mkati, n'kukhomerera ndi misomali. Kunena zoona, panakongola, ndipo anansi ankabwera madzulo kudzaona.

Chimene sanafunse ndi ichi. Chingwe chowala kwambiri chimadya mawati pafupifupi 14 pa mita iliyonse, ndiye mamita 5 amafuna ma amp 6. Adaputa ya dikoda nthawi zambiri sipitirira ma amp 2. Mukaisenzetsa katundu wotere imatentha, ndipo kuseri kwa thabwa kulibe mpweya woiziziritsa. Mfundo yopota ndi zala nayo imakhwefuka, n'kumathetheka pa ma volt 230 pafupi ndi thabwa louma, malo omwe makoswe amaunjikamo tinsanza ndi mapepala.

Nyaleyo inachenjeza. Inkaphethira, ndipo pabalaza pankamveka kafungo ka pulasitiki. Mwini wake ankati ndi mmene akuvutira magetsi masiku ano. Usiku wina mkazi wake anadzidzimuka ndi utsi, katani itayaka kale. Mwayi unali woti anathamangira kukathimitsa pa main switch asanathire madzi. Ana anatuluka bwinobwino, koma siling'i, sofa ndi makope awo a sukulu zinapsa.

Chimandiwawa n'chakuti ndalama ya adaputa yoyenera inali yochepa poyerekeza ndi thukuta la ku Joni limene linathera pamenepo. Inunso a sola musati izi sizikukukhudzani. Ma volt 12 sagwira munthu, inde, koma mawaya a batire akakhudzana popanda fyuzi amafiira pompo.

Ngati nyale zoterezi mwazikonda, ikani ndithu. Werengani ma amp olembedwa pa adaputa musanalipire, ndipo ikhale poonekera, pamene dzanja lingafike n'kumva ngati yatentha. Thabwa mangani ndi masikuluwu kuti muzitha kutsegula. Mbali ya ma volt 230 ija musaigwire nokha, itanani wa magetsi amene ali ndi chiphaso cha MERA.