Mvekero Pansi pa Galimoto: Phunziro la Shafuti Yokakamira

Mawu oyamba

Pa tchuthi chapitachi ndidali kwa amalume ku Chilomoni, mumzinda wa Blantyre. Iwo ali ndi galimoto ya Toyota Corolla imene amanyamulira anthu, ndipo fizi yanga imachokera m'galimoto yomweyo. Tsiku lina idayamba kulira kuti kho kho kho ikamakhota, chizindikiro chakuti mfundo yakunja ya shafuti, imene amakaniko amati CV joint, yadyeka. Tidagula shafuti ina n'kuganiza zoisintha tokha pakhomo kuti tipulumutse ndalama. Mu nkhani ino ndifotokoza chifukwa chimene shafuti imakakamirira mu giyabokosi, kazulidwe kake, ndi zimene ntchitoyi idandiphunzitsa za chiyankhulo chathu.

Chimene chimagwira shafuti

Galimoto ngati Corolla imakokedwa ndi matayala akutsogolo. Mphamvu ya injini imadutsa mu giyabokosi n'kufika ku matayalawo kudzera mu mashafuti awiri, ina kumanja ina kumanzere. Nsonga yam'kati ya shafuti ili ndi mano amene amalumana ndi mano a giya ya m'katimo. Palibe bawuti yoimanga. Chimene chimaigwira ndi kamphete kachitsulo kosatseka, kokhala m'kangalande chakumapeto kwa nsongayo. Shafuti ikamalowa, kampheteka kamafinyika. Ikafika pamalo pake, kamatambasuka n'kukola kuseri kwa giya. Kuti shafuti ituluke, kampheteka kayenera kufinyikanso. Ukamakoka pang'onopang'ono, mphamvu siyikwana kukafinya, makamaka kakapendekera mbali imodzi. Kamafuna mphamvu yadzidzidzi.

Kulakwitsa kwanga

Ntchito yoyamba idayenda bwino. Tidamasula nati yaikulu ya pakati pa tayala galimoto ikadali pansi, tidaikweza ndi jeke n'kuikhazika pa zitsa zolimba, chifukwa munthu salowa pansi pa galimoto yodalira jeke yekha. Tidakhetsa oyilo wa mu giyabokosi, tidamasula mabawuti apansi n'kutulutsa nsonga yakunja ya shafuti. Apa amalume adapita kukasaka oyilo watsopano. Ine, pofuna kuwadabwitsa, ndidagwira shafuti ndi manja awiri, n'kuponda mwendo pachitsulo, n'kukoka. Mphira udang'ambika, girizi adandithimbiriza malaya, ndipo ndidagwa chagada shafuti ili m'manja. Koma chikho chake cham'kati chidatsalira mu giyabokosi. Mfundo yam'kati idapangidwa kuti izitha kutalika ndi kufupika galimoto ikamadumpha m'mabampu, choncho ukakoka shafuti, chimene chimaguluka ndi mfundoyo, osati kamphete. Dzuwa lidali litapendeka, ndipo m'mawa mwake amalume adali ndi ulendo wa ku Chileka umene adalandirira kale ndalama.

Kazulidwe koyenera

Atabwera sadakalipe. Adangoyang'ana chikhocho n'kunena kuti, "Iwe mphwanga, chimenechi sakoka. Amangochiti khu!"

"Amalume, khu wakeyo ndiye wotani?" ndidafunsa.

"Gwira chitsulochi, umve wekha."

Adatenga zitsulo ziwiri zochotsera tayala. Chimodzi adachilowetsa pakati pa chikho ndi thupi la giyabokosi, china adandipatsa kuti ndilowetse mbali inayo, kuti chikho chituluke chowongoka. Adandichenjeza kuti nsonga ya chitsulo isakhudze mphira wotchinga oyilo, komanso kuti nditsamiritse chitsulocho pamalo pochindikala, poti thupi la giyabokosi ndi la aluminiyamu ndipo limatha kusweka. Tidakankha pamodzi mwadzidzidzi, koma sichidasunthe. Adachikankhira m'kati pang'ono, n'kuchizunguza pang'ono kuti kamphete kakhale mwina, ndipo tidayesanso. Ulendo wachitatu chidangoti phwa, n'kugwera m'manja mwawo. Adati chikadakana apo, akadachigogoda chakumbuyo ndi hamala kudzera pa chitsulo chachitali. Poika shafuti yatsopano, adaonetsetsa kuti kukamwa kwa kamphete kwaloza pansi, adaikankha mpaka idati kha, n'kukoka chikho ndi dzanja kuti aone ngati chakola. Kenaka tidathira oyilo.

Zimene chiyankhulo chidaonetsa

Choyamba ndi mawu obwereka. Mayina a zida zambiri adachokera ku Chingerezi, koma adavala malaya a Chichewa. Phatikizo la Chichewa limathera ndi lembo laliwu, ndipo sililola malembo ena opanda liwu kugundana. N'chifukwa chake timati sipanala, girizi, giyabokosi ndi shafuti. Mawuwa adalowanso m'magulu a mayina: timati tayala laphulika, matayala aphulika, monga m'gulu la Li-Ma, koma shafuti yakakamira, ndipo zikachuluka timawonjezera ma- n'kuti mashafuti.

Chachiwiri ndi aneni. Ngakhale mayina adali obwereka, aneni onse amene amalume adagwiritsa ntchito adali athuathu: kumasula, kukhetsa, kufinya, kukola, kuguluka, kuzula. Ambiri mwa aneni ochotsa chinthu pamalo ali ndi -ul-, monga tionera mu tseka ndi tsekula, kapena mata ndi matula. Kukoka ndi kuzula n'zosiyana. Wokoka chinangwa amathyola mtengo wake n'kusiya chakudya m'nthaka, monga ndidachitira ine ndi shafuti.

Chachitatu, chimene chidandigwira mtima, ndi mvekero. Clement Doke, katswiri wa ziyankhulo za Chibantu, ndiye adatchukitsa dzina lakuti ideophone m'chaka cha 1935. M'kalasi nthawi zambiri timautenga mvekero ngati chokometsera nthano ndi ndakatulo. Koma pansi pa galimoto ija mvekero sudali chokometsera. Kho kho kho adatiuza matenda a galimoto. Khu adandiuza kukula kwa mphamvu, kufupika kwa nthawi yake ndi kudzidzimutsa kwake, zonse m'phatikizo limodzi. Phwa adatsimikiza kuti kamphete kagonja, ndipo kha adatsimikiza kuti shafuti yatsopano yakhala. Ndikadaudziwa khu uja poyamba, malaya anga akadapulumuka.

Mawu omaliza

Anthu ena amati Chichewa sichingaphunzitse luso la makina chifukwa chilibe mawu ake. Zimene ndidaona zikutsutsa maganizo amenewa. Kuyambira pamene bungwe la Chichewa Board lidakhazikitsidwa mu 1972, mpaka pamene Centre for Language Studies idayamba ntchito ku Zomba mu 1996, akatswiri akhala akukonza kalembedwe ndi matanthauzo a mawu. Komabe m'magalaja ndi pansi pa mitengo ya mango, amakaniko akhala akupanga Chichewa chawo cha ntchito, chimene chimaphunzitsa anyamata tsiku ndi tsiku. Ife ophunzira za ziyankhulo tiyenera kupitako ndi kope, tikamvetsere ndi kulemba mawu amenewa momwe eni ake amawatchulira. Galimoto ya amalume idafika ku Chileka m'mawa mwake nthawi ili bwino, ndipo ine ndidabwerera ku koleji ndi fizi komanso mutu wa kafukufuku wanga wa chaka chomaliza.