Makina Ofufuzira Zitsulo: Kupeza Ndalama Zakale Zasiliva Popanda Kuwononga Mbiri

Alimi a ku England ndi ku Wales akangokolola tirigu, m'minda mumayamba kuoneka anthu oyenda pang'onopang'ono atavala mahedifoni, m'manja muli ndodo yokhala ndi chimbale kunsonga. Ndodoyo ndi makina ofufuzira zitsulo, omwe eni dziko amawatcha metal detector. Kapepala aka ndi ka inu amene mukukhala ku Britain ndipo mukufuna kuyamba kufufuza, komanso aliyense wofuna kudziwa mmene makinawa amagwirira ntchito. Gwirani mfundo iyi poyamba: makina amangokuuzani kuti pansi pali chitsulo. Kupempha chilolezo, kukumba mwaulemu, kulemba malo ndi kudziwitsa oyenera ndi udindo wanu.

Makinawa anachokera kuti?

Mu 1881, Alexander Graham Bell anapanga chida choti chipeze chipolopolo m'thupi la Pulezidenti James Garfield wa ku America, koma sichinachipeze. Mu 1941, msilikali wa ku Poland, Józef Kosacki, anapanga makina onyamulika ofufuzira mabomba okwirira, ndipo anagwiritsidwa ntchito pankhondo ya ku El Alamein mu 1942. Patapita zaka, makinawa anapepuka ndi kutsika mtengo, mpaka anthu wamba anayamba kuwagula. Lero mayina odziwika ndi monga Minelab, Garrett, XP ndi Nokta.

Amagwira bwanji ntchito?

M'kati mwa chimbale muli mawaya awiri okulungidwa. Waya woyamba umatumiza mphamvu ya maginito m'nthaka. Mphamvuyo ikagunda chitsulo, imadzutsa timagetsi tozungulira m'chitsulocho, ndipo chitsulocho chimabweza mphamvu yakeyake. Waya wachiwiri umamva mphamvu yobwererayo, kenako makina amalira m'makutu mwanu ndi kuonetsa nambala pasikirini.

Zitsulo siziyankha mofanana. Siliva amadutsitsa magetsi kuposa chitsulo china chilichonse, motero ndalama yaikulu yasiliva imalira mokweza ndi momveka bwino, nambala yake n'kukhala yapamwamba. Msomali wadzimbiri umalira motsika ndi mosasa. Makina ali ndi batani lowauza kuti asamalire akakumana ndi zitsulo zopanda ntchito, koma apa m'pamene oyamba kumene amaluza. Ndalama zasiliva za zaka mazana ambiri zapitazo ndi zopyapyala kwambiri, ndipo nambala yake imatsika mpaka kuyandikana ndi ya tizidutswa ta aluminiyamu ndi zotsegulira zitini. Mukatseka zinyalala zonse, mwatsekanso ndalamazo. Tsekani misomali yokha, zina zonse muzikumba.

Makina abwino amamva ndalama imodzi yomwe ili pa masentimita 15 mpaka 25 pansi. Nthaka ikakhala yonyowa amamva bwinopo. Nthaka yamchere kapena yokhala ndi miyala yachitsulo imawasokoneza, n'chifukwa chake muyenera kuwayanjanitsa ndi nthaka ya pamalopo musanayambe, motsatira kabuku komwe anabwera nako.

Zida zoyenera kunyamula

- Makina ndi mabatire apadera.
- Mahedifoni, kuti mumve kulira kwapansipansi komwe mphepo ingakubisireni.
- Kachida kam'manja kotchedwa pinpointer, kolozera pomwe pali chitsulo m'dzenje.
- Fosholo yaing'ono ndi magolovesi.
- Timatumba tapulasitiki totsekeka, cholembera, ndi thumba lina la zinyalala.
- Foni yotha kujambula ndi kuonetsa malo pamapu.

Nsapato zokhala ndi chitsulo kuzala zisiyeni kunyumba, chifukwa makina adzangolira phazi lililonse.

Musanaponde m'munda

Ku Britain kulibe malo opanda mwini. Munda, paki, nkhalango ngakhale kanjira kodutsa anthu, zonse zili ndi eni ake. Pezani chilolezo cha mwini malo, ndipo ngati mlimi akungochita lendi, funsani onse awiri. Mugwirizane polemba za mmene mudzagawanire zopezeka. Malo a mbiri otetezedwa ndi boma saloledwa kufufuzidwa popanda kalata ya bungwe loyang'anira, lomwe ku England ndi Historic England, ngakhale mwini munda atavomera. Kufufuza mozemba usiku ndi kuba, ndipo anthu amamangidwa nako.

Njira yosavuta yoyambira ndi kulowa kalabu ya m'dera lanu. Bungwe la National Council for Metal Detecting limapereka inshulansi kwa mamembala ake, ndipo alimi ambiri amafuna kuiona asanakuloleni.

Kayendetsedwe ka makina

1. Yambani kuphunzira pakhomo. Kwirirani ndalama, msomali ndi chotsekera botolo pamalo osiyana, kenako mvetserani kulira kwa chilichonse mpaka khutu lizolowere.
2. Chimbale chikhale chogona, chongotsala pang'ono kukhudza dothi. Musachitukule pofika kumapeto.
3. Chiyendetseni kumanja ndi kumanzere ngati mukusesa pabwalo, mzere watsopano uzipondako pang'ono pa wakale.
4. Makina akalira, dutsaninso pamalopo mopingasa. Kulira kosasintha mbali zonse ndi chizindikiro chabwino.
5. Kumbani patali pang'ono ndi pomwe akulira, kuti fosholo isakande ndalama. Pa msipu dulani udzu mbali zitatu, muupinde, mukamaliza muubwezeretse.
6. Musapitirire dothi lomwe khasu kapena pulawo imatembenuza. Pansi pake pali zinthu zomwe sizinasunthidwepo, ndipo kumeneko ndi kwa akatswiri ofukula zakale.
7. Kwirirani dzenje lililonse ndi kutenga zinyalala zonse. Ng'ombe imathyoka mwendo m'dzenje losiyidwa, ndiponso imafa ikameza waya.

Masiku ambiri mudzabwerera ndi mabatani, zipolopolo zamtovu ndi misomali. Izi n'zachizolowezi kwa aliyense. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndalama zomwe mungakumane nazo

Aroma anabweretsa ndalama yasiliva yotchedwa denarius, yaing'ono koma yochindikala, yokhala ndi nkhope ya mfumu yawo. Pambuyo pawo kunabwera peni yasiliva yosulidwa ndi nyundo, yolemera pafupifupi magalamu 1.4. Anthu ankaidula pakati kapena panayi kuti apeze chenje, choncho kachidutswa kooneka ngati kothyoka kakhoza kukhala ndalama yeniyeni. Ena ankameta m'mphepete mwake kuti abe siliva, ndipo mu 1247 Mfumu Henry III inalamula kuti mtanda wa kumbuyo kwa peni uzifika m'mphepete, kuti kumetako kuzionekera. Kusula ndi nyundo kunatha mu 1662, makina atayamba kudinda ndalama zonse.

Pa ndalama za posachedwapa, yang'anani chaka. Tiki, sikisipensi ndi sheleni za ku Britain zosafika 1920 zili ndi siliva wokwana magawo 925 pa 1,000. Kuyambira 1920 mpaka 1946 siliva ndi theka. Sikisipensi ndi sheleni za 1947 kupita m'tsogolo zilibe siliva ngakhale pang'ono, ndi mkuwa wosakaniza ndi nikelo.

Mukaipeza, chitani izi

Musaipukute ndi chala. Timchenga timakanda siliva, ndipo zipserazo sizichoka. Ijambuleni pomwepo, lembani malo enieni kuchokera pafoni, ndipo iikeni m'kathumba kakekake. Kunyumba itsukuluzeni ndi madzi oyera okha, kenako iume yokha. Kuda kwa pamwamba pa siliva wakale musakuchotse ndi mankhwala, phulusa kapena mandimu. Ndalama yopindika musaiwongole, imasweka.

Ndalama zikayamba kutuluka zingapo pamalo amodzi, kapena mukaona mphika, siyani kukumba nthawi yomweyo. Phimbani, dziwitsani mwini munda, ndipo itanani katswiri. Mmene ndalamazo zinasanjikidwira, chomwe zinakulungidwamo ndi dothi lozizungulira, ndizo zimauza akatswiri nthawi yomwe zinabisidwa ndi chifukwa chake. Zimenezi zikasokonezedwa sizibwereranso.

Zomwe lamulo likunena

Ku England, Wales ndi Northern Ireland kuli lamulo la Treasure Act la 1996. Ndalama ziwiri kapena kuposerapo zopezeka pamodzi, za zaka zosachepera 300, zomwe gawo limodzi mwa magawo khumi kapena kuposa ndi siliva kapena golide, zimatengedwa ngati chuma cha dziko. Muyenera kudziwitsa mkulu wotchedwa coroner pasanathe masiku 14. Kulephera kutero ndi mlandu womwe chilango chake ndi chindapusa kapena ndende mpaka miyezi itatu. Nyumba yosungira zinthu zakale ikafuna chumacho, komiti imaika mtengo, ndipo mphotoyo kawirikawiri imagawidwa pakati, theka kwa wopeza, theka kwa mwini malo. Ku Scotland lamulo ndi lina: chinthu chilichonse chakale chopezeka chiyenera kunenedwa ku Treasure Trove Unit.

Ndalama imodzi yokha nthawi zambiri siilowa m'gulu la chuma, komabe ikalembetseni ku Portable Antiquities Scheme, ndondomeko yomwe inayamba mu 1997 ndipo imayendetsedwa ndi British Museum mogwirizana ndi anzawo a ku Wales. Wogwira ntchito wawo wa m'dera lanu, Finds Liaison Officer, adzaizindikira, kuijambula, n'kukubwezerani. Zinthu zoposa miliyoni imodzi ndi theka zalembedwa kale mwanjira imeneyi, ndipo zathandiza kuonetsa pomwe panali misika ndi midzi yomwe inaiwalika.

Njira ziwiri, mathero awiri

Mu 1992 ku Hoxne, m'chigawo cha Suffolk, Eric Lawes ankafunafuna hamala yomwe mnzake, yemwe anali mlimi, anataya m'munda. Atayamba kutulutsa masupuni asiliva ndi ndalama, anasiya kukumba n'kudziwitsa akuluakulu. Akatswiri anafukula mwadongosolo ndalama za Aroma 14,865, ndipo Lawes ndi mlimiyo anagawana mapaundi 1.75 miliyoni. Mu 2019 ku Chew Valley, anthu asanu ndi awiri anapeza mapeni asiliva 2,584 a nthawi ya mafumu Harold II ndi William I. Anawanena, ndipo mtengo wake unaikidwa pa mapaundi 4.3 miliyoni.

Koma mu 2015, pafupi ndi Leominster, anthu awiri anapeza chuma cha nthawi ya Mfumu Alfred n'kuchibisa kuti achigulitse mwamseri. Mu 2019 anagamulidwa kukakhala kundende zaka zingapo, ndipo ndalama zambiri za chumacho zinasoweratu.

Kusamala makina ndi moyo wanu

Mukamaliza tsiku, chotsani matope pachimbale, pukutani bokosi la mabatani ndi nsalu youma, ndipo tulutsani mabatire ngati makina akhala nthawi yaitali osagwira ntchito. Musawasiye m'galimoto yotentha. M'nthaka ya ku Britain mukadali mabomba a nthawi ya nkhondo. Mukaona chofanana nawo, musachikhudze. Ikani chizindikiro chapatali, chokanipo, imbani 999.

Kwa amene ali ku Malawi

M'nthawi ya Nyasaland munkayenda ndalama za ku Britain komanso za ku Southern Rhodesia, ndipo zina za ku Southern Rhodesia zinali ndi siliva kuyambira 1932 mpaka 1946. Mukakumana nazo, dziwani kuti sikisipensi imalemera magalamu osakwana atatu, choncho musanyengedwe ndi onena kuti ndalama yakale iliyonse ingakulemeretseni. Lamulo la Monuments and Relics Act limateteza malo ndi zinthu zakale. Kumanda, kumalo opembedzerako makolo ndi kumapanga okhala ndi zojambula musakumbeko. Kwina kulikonse yambani mwapempha mwini malo ndi amfumu, ndipo mukapeza chinthu chooneka chakale kwambiri, chisiyeni pomwepo ndi kudziwitsa nthambi ya boma yoona za zinthu zakale.