Chibwenzi changa chikuikira kumbuyo Ryle

Azakhali, ine ndi chibwenzi changa tinaonera limodzi filimu ya It Ends with Us. Ine inandipsetsa mtima chifukwa ndinaona ngati ikukometsera mwamuna womenya mkazi. Iye akuti Lily wa m'filimuyo anapupuluma kuthetsa banja, popeza mwamuna wake Ryle ankapepesa. Chikundisowetsa tulo n'chakuti nayenso anandikankhirapo kukhoma kamodzi, m'mawa mwake n'kundigulira chitenje. Kodi ndikungokokomeza?

Mwana wanga, munakhala pansi kuti musangalale, n'kudzukapo ndi mlandu. Zimachitika.

Pa za filimuyo sunakwiye wekha. Itatuluka mu 2024, ambiri anadandaula kuti ankaitsatsa ngati nkhani yokoma ya chikondi, mpaka kuuza atsikana kuti akaonere atavala zamaluwamaluwa, chonsecho pamtima pake pali nkhanza za m'banja. Apo ndili nawe.

Koma pa za Ryle ndikutsutsako pang'ono. Umafuna akhale chidakwa chosasamba, cha maso ofiira? Colleen Hoover, amene mu 2016 analemba buku limene filimuyi inachokera potengera zimene mayi ake anadutsamo, anamupanga dokotala wa ubongo, wooneka bwino, wodziwa kugwetsa misozi. Amuna ambiri omenya ndi otere. Akanamayenda ndi nyanga poyera, akanawalola ndani?

Kumbukira za kukhitchini zija. Ryle atapsa dzanja n'kumumenya Lily, Lily anadziuza kuti yangokhala ngozi. Za pamasitepe, ngozinso. Iweyo mawu ako ndi "kamodzi", ndipo wawaika kumapeto kwa kalata ngati kanthu kongokumbukira. Ine ndaona kuti kalata yonse yagona pamenepo. Sukukokomeza ayi. Filimu ija yakukhudza pachilonda.

Mwina mnyamatayo anangolankhula mosaganiza, sindimuweruza ndisanamumve. Komabe munthu amene amaona kuti kupepesa kumafafaniza kumenya wakuuza kale mmene adzawerengere mlandu wake. Ndiye musiye Ryle, umufunse za khoma lija. Uchite masana, pamalo poti pali anthu. Akavomera kulakwa popanda kuti "koma iwenso unandiputa", pali poyambira, ngakhale sindikulonjeza kuti zatha. Akakutembenuzira mlandu, kapena ukapezeka kuti ukusankha mawu mwamantha, usadikire chinkhoswe poganiza kuti adzasinthira m'nyumba. Kuchoka pano n'kowawa, ndikudziwa, koma Lily anachoka atanyamula khanda.

Usasunge wekha nkhaniyi. Uwauze mayi ako kapena mkulu wako lero lomwe. Alipo amene adzakuuze kuti banja ndi kupirira. Uwayankhe mwaulemu kuti iwe sunalowe n'komwe m'banjamo. Akadzakugwiranso mwankhanza, kupolisi kuli ofesi ya Victim Support Unit, ndipo kuyambira 2006 dziko lino lili ndi lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja.

Chitenjecho uyambe wachisunga m'sutikesi. Undilemberenso ukamva zimene wayankha.